Za Thupi Lathu: Cala Cacikulu ndi Mphamvu Yace

Abale a m'midzi, sabata ino tikambe za cala cacikulu ca kudzanja, cimene ena amati cala camanthu. Tayesani kucipinda m'kati mwa dzanja, ndipo mugwire mpini wa khasu kapena mumange mfundo ya cingwe. Mudzaona kuti nchito ikanika. Madokotala amawerengera kuti munthu woduka cala cimeneci wataya magawo 40 pa 100 a nchito ya dzanja lonse.

Zala zina ziri ndi mafupa atatu ciri conse, koma ici ciri ndi awiri okha. Patsinde pace, pafupi ndi pamene dzanja lilumikizana ndi mkono, mafupa akomana mooneka ngati cishalo ca bulu. Ndico cifukwa cace calaci cikhoza kuzungulira ndi kukhudza nsonga za zala zinzace.

Minofu yoyendetsa calaci iripo 8. Inai iri m'dzanja momwemo, ndipo itatu mwa iyo ndiyo ipanga kamtunda kofewa kaja patsinde pa cala. Inai ina iri kumkono, kunsi kwa cigongono, ndipo imakoka cala ndi mitsempha yaitali yolimba ngati zingwe. Tukulani calaco m'mwamba, mudzaona zingwezo zitatumphuka pansi pa khungu.

Tsono imvani za mphamvu. M'caka ca 1977 anthu awiri ophunzira, Cooney ndi Chao, a ku cipatala ca Mayo Clinic ku America, anawerengera katundu amene cala cisenza. Anapeza kuti mukatsina cinthu ndi mphamvu ya kilogalamu 1, mafupa a patsinde apanikizana ndi mphamvu ya makilogalamu 12. Mukafumbata kolimba, mphamvuyo ikhoza kufika pa makilogalamu 120, ndiko kuposa matumba awiri a cimanga a makilogalamu 50.

Kodi zimenezi zicitika bwanji? Gwirani khasu kunsonga kwa mpini, mulitukule ndi dzanja limodzi. Lilemera kwambiri kuposa mukaligwira pafupi ndi citsulo. Cala naco nchimodzimodzi. Katundu ali kutali kunsonga, koma zingwe zokoka zidutsa pafupi ndi pokomana mafupa. Cotero minofu iyenera kukoka kolimba, ndipo pokokapo ikanikiza mafupa a patsinde.

Taganizani tsono za mai amene atong'ola cimanga tsiku lonse, kapena aswa mtedza ndi zala mpaka thumba lidzale. Kukanikiza kuli konse nkwakung'ono, koma patsinde pa cala palandira katundu kambirimbiri. Ndico cifukwa cace anthu ambiri okalamba, makamaka amai, amamva kuwawa pamenepo. Amai oyamwitsa naonso amamva kuwawa pamkono, mbali ya cala cacikulu, cifukwa conyamula mwana m'khwapa zala zitatambasuka. Dokotala wa ku Switzerland, Fritz de Quervain, ndiye analongosola nthendayi m'caka ca 1895: zingwe ziwiri za cala zimapanikizika m'kanjira kamene zidutsamo.

Nanga tingacite ciani? Mpini wa khasu ukhale wonenepa bwino ndi wosalala, wodzaza dzanja, pakuti mpini woonda ufuna kufinya kwambiri. Potong'ola cimanga sinthanani manja, pumulani, ndipo funsani mlangizi wa zaulimi za kacitsulo kotong'olera pamanja. Ponyamula mwana ikani dzanja lonse kumatako ndi kumsana kwace.

Cenjerani ndi zinthu ziwiri izi. Coyamba, mukadzitema ndi mpeni kapena cikwakwa, ndipo nsonga ya cala ikana kupindika kapena kuongoka, mwina cingwe caduka. Musathirepo mankhwala a zitsamba ai. Mangani ndi nsaru yoyera, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti cingwe coduka cimathawira m'kati, ndipo mukacedwa cibvuta kusoka.

Caciwiri, mukaona kamtunda kaja kakuphwa, dzanja liri dzanzi, ndipo singano ikupulumuka m'zala, musadikire. Nthawi zina ndi khate limene laononga mitsempha yolamulira minofu. Khate licizika, mankhwala ace ngaulere, ndipo wofika msanga apulumutsa dzanja lace. Uzani anansi anu osadziwa kuwerenga zimenezi nyengo yokolola isanafike.