Ya bokosi imapezeka, ya basi imasowa

Ogulitsa manachesi ndi osintha ndalama pa chipata cha Mwanza amaidziwa galimoto imeneyi ikadali patali. Pakati pa mabasi a ku Joni odzaza ndi mafiriji, matiresi ndi zikwama zamizeremizere, nthawi zina pamatulukira kaminibasi kokoka ngolo yaing'ono yotseka mbali zonse. Safunsa kuti mwanyamula chiyani. M'ngolomo muli bokosi, ndipo m'bokosimo muli mwana wa winawake wa ku Mangochi, ku Mulanje kapena konkuno kwa Kanduku, amene wadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zobue komaliza.

Kubweretsa thupi kuchokera ku Johannesburg kumadya ndalama zoti munthu wamoyo akadakwerera basi maulendo angapo. Komabe ya bokosi imapezeka. Anzake a malemu amasonkherana pa WhatsApp, mpingo umaponyapo, kumudzi mbuzi imagulitsidwa, wina amalowa katapila. Chopweteka mtima n'choti munthu yemweyo amakhala atatha zaka 5 kapena 10 osaponda pakhomo pa mayi ake, ndipo aliyense womufunsa ankamuyankha kuti ya ulendo sidakwane, abwera pa Khirisimasi ikubwerayi.

Mayi wina wa ku Australia, Bronnie Ware, adagwira kwa zaka zingapo ntchito yosamalira anthu amene atsala pang'ono kutsikira kulichete. Mu 2009 adalemba mwachidule zimene odwala akewo ankadandaula, kenako adazikulitsa kukhala buku la The Top Five Regrets of the Dying, lomwe lamasuliridwa m'zinenero zambiri. Odwalawo ankalira kuti adakhala moyo wokondweretsa ena osati wa kumtima kwawo, kuti ntchito idawadyera nthawi ya ana ndi banja, kuti adabisa zakukhosi, kuti adataya abwenzi, komanso kuti adadzimana chimwemwe. Bukuli si kafukufuku wa akatswiri. Ndi umboni wa munthu mmodzi, ndipo anthu amene ankawasamalirawo anali a dziko lokhuta. Mlimi wa ku Thambani kapena mayi wogulitsa zitumbuwa pa Mwanza boma sangagone pamphasa n'kumadandaula kuti adalimbikira ntchito mopitirira, pakuti khasu lomwelo ndi limene lidalera ana. Ake madandaulo amakhala a kuchedwa: adachedwa kubwerera kwawo, adachedwa kupita kuchipatala, adachedwa kugawa zinthu zake, adachedwa kupepesa. Ndipo ambiri amafa asadawatchule n'komwe, chifukwa palibe adawauza kuti nthawi yatha.

Nkhani ya ulendo ndi yakale kuno. Agogo a anyamata amene ali ku Joni lero adapita ku migodi kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, ena ku mafamu ndi migodi ya ku Rhodesia. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene anali pa ulendo wobwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchitoyi kwa zaka zingapo. Ambiri mwa amene adapita masiku amenewo adasanduka matchona. Ku Mbare ndi ku Highfield mu Harare, komanso m'midzi ya pamigodi ya ku Zimbabwe, muli manda ambirimbiri a anthu amene ankati abwerera akangopeza kenakake m'manja.

Wopita kunja asaweruzidwe msanga. Amathawa umphawi weniweni, ndipo ndalama zimene amatumiza zafolera malata nyumba zambiri m'boma lino ndi kulipira fizi ya ana osawerengeka. Ena masiku a pa pasipoti adawathera kalekale, moti amaopa kuti akatuluka sadzaloledwanso kulowa. Koma pali chifukwa china chimene sichinenedwa poyera, ndicho manyazi. Munthu amaopa kutsika basi ndi kachikwama kamodzi pomwe mnzake wa msinkhu wake adabwera ndi galimoto. Akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna. Mu 2015, nkhanza zochitira alendo zitabuka ku Durban, boma lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi, ndipo mu 2020 nthawi ya Covid-19 enanso mazanamazana adalowera pa chipata chomwechi, ambiri ali chimanjamanja. Makolo awo adawalandira. Abale akumudzi nawonso ali ndi mbali yawo pa mlanduwu: ngati foni iliyonse yopita ku Joni ndi yopempha ndalama ya feteleza, mwanayo amaphunzira kuti chofunika kwawo ndi chikwama chake, ndiye chikwama chikakhala chopanda kanthu amasiya kuyankha.

Kuchedwa kopweteka kwambiri kumachitikira m'wodi. Dokotala akapeza kuti matenda afika posachiritsika, kawirikawiri amene amaitanidwa pambali ndi gadiyani. Iye amauza mwinimbumba, mwinimbumba amauza achibale, ndipo onse amagwirizana chimodzi: wodwalayo asadziwe, angataye mtima. Amatero chifukwa cha chikondi, komanso chifukwa choopa kuti wotchula imfa angaoneke ngati ndiye akuiitana. Motero aliyense wobwera kudzazonda amati mupeza bwino, limbani mtima, Mulungu ndi wamkulu. Wodwalayo, amene akumva yekha mmene thupi likuthera, nayenso amanamizira kukhulupirira kuti asawalize ana ake. Milungu yomaliza, imene akadaitana mwana amene adakangana naye kapena kunena amene ali naye ngongole, imathera pa kufunafuna ndalama ya ulendo wina wa kwa sing'anga kapena kwa mneneri wa kutali.

Chizolowezi chimenechi chiyenera kusintha, ndipo njira yake ilipo kale m'dziko muno. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene odwala ambiri a ku Mwanza amatumizidwa, pali kiliniki ya Tiyanjane yosamalira akuluakulu odwala matenda osachiritsika, ndi ya Umodzi yosamalira ana. Ku Salima namwino Lucy Finch adatsegula malo a Ndi Moyo mu 2007. Bungwe la Palliative Care Association of Malawi lakhala likuphunzitsa anamwino ndi madokotala a m'zipatala za m'maboma luso limeneli. Ntchito yawo yoyamba ndi kuthetsa ululu, makamaka ndi morphine wakumwa, chifukwa munthu amene akubuula usiku wonse sangaganize za china chilichonse. Ululu ukachepa m'pamene amakhala pansi ndi wodwala n'kumufunsa zimene akudziwa za matenda ake ndi zimene akufuna kudziwa. Samukakamiza. Amene safuna kumva amamulemekeza, koma wofuna choonadi amamuuza modekha, abale ali pomwepo.

Ku Neno, boma limene lidapatuka ku Mwanza mu 2003, a Partners In Health, omwe kumeneko amadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, adayambitsa chisamaliro chotere mu 2012 mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo. Zimene adapeza atafunsa odwala ndi owasamalira sizingadabwitse Mmalawi aliyense: kuwonjezera pa ululu, chimene chinkawasowetsa tulo chinali ndalama ndi chakudya cha pakhomo. Mayi amene akumwalira kuno amaganiza za amene adzalipire fizi ya mwana wa Fomu 2 ndi amene adzatenge wamng'onoyo. Mafunso amenewa ali ndi mayankho, koma pokhapokha afunsidwe mwiniwake akadali ndi mawu.

Pa matenda ena, kuchedwa kumayamba zaka zambiri munthu asadagonekedwe. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri pa dziko lonse, chikhalirecho iyi ndi khansa yopeweka. Kuyezetsa kwake n'kwa mphindi zochepa, n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo zizindikiro zoyambirira zikapezeka amazithetsa zisadasanduke khansa. Kuyambira mu 2019 atsikana a zaka 9 akulandira katemera wa HPV woteteza ku khansayi. Koma amayi ambiri amafika kuchipatala atataya magazi kwa miyezi, atayesa zitsamba, atabisira ngakhale mwamuna wawo. Enanso amaletsedwa ndi mwamunayo, kapena amasowa ya kabaza yochokera ku Kunenekude kapena Tulonkhondo. Bambo amene amakaniza mkazi wake ndalama ya ulendo umenewu ndi yemweyo amene adzagulitse njinga pofuna matabwa a bokosi.

Dziko lino lidaphunzirapo kale mtengo wa kukhala chete. M'zaka za m'ma 1990 mabanja ankaika maliro motsatizana, mbiri ya malemu n'kumangoti adadwala nthawi yaitali. Mu 2004 Bakili Muluzi, ali mtsogoleri wa dziko, adanena poyera kuti mchimwene wake adamwalira ndi Edzi, ndipo chaka chomwecho boma lidayamba kupereka ma ARV aulere. Anthu amene adalimba mtima n'kukayezetsa nthawi imeneyo lero akulera zidzukulu.

Nkhani ya chuma chamasiye ndi yosavuta kuikonza, koma ndi imene anthu amaizemba kwambiri. Lamulo la 2011 la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act lidaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma chamasiye lidakusandutsa mlandu. Munthu aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo angathe kulemba wilo, kuisayina pamaso pa mboni ziwiri, n'kuisungitsa pamalo odalirika. Sipafunika kukhala ndi nyumba ya ku Namiwawa. Ku Mwanza chuma cha anthu ambiri ndi mitengo ya manachesi, mbuzi, njinga yamoto ndi kagolosale. Tangoganizani mkamwini amene adadzala mitengo 50 pamunda wa kwa mkazi wake n'kuisamalira zaka 20: iye akamwalira, abale ake akuti mitengo ndi thukuta la m'bale wawo, akuchikazi akuti nthaka ndi ya mbumba yawo, ndipo ana ali pakati. Pepala limodzi lolembedwa munthu ali bwinobwino likadatseka mlandu umene umatha zaka pabwalo la mfumu. Amene amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa aone kuti osalembawo nawonso akumwalira.

Za kupepesa mochedwa, boma la Mwanza lili ndi chitsanzo chimene dziko lonse limachidziwa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Thambani, ndipo boma la nthawiyo lidalengeza kuti adafa pa ngozi ya galimoto. Mabanja awo adalira mwamantha kwa zaka 11, mpaka kafukufuku wa 1994 adaulula kuti anthuwo adachita kuphedwa ndi apolisi. Kamuzu Banda, John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu, ndipo mu Disembala 1995 khoti lidawapeza osalakwa. Mwezi wotsatira, Januwale 1996, Kamuzu adatulutsa uthenga wopepesa mtundu wa Amalawi pa mavuto amene anthu angakhale atakumana nawo kwa ochita zinthu m'dzina lake. Adamwalira mu Novembala 1997 ku chipatala cha ku Johannesburg.

Kupepesa kumeneko kuli ndi phindu lake, pakuti atsogoleri ambiri a mu Africa adafa osanenapo ngakhale mawu amodzi otere. Koma kudafika mphamvu zitachoka m'manja, kudali kwa chisawawa kopanda dzina la munthu, ndipo sikudayankhe funso limene amasiye a ophedwa ku Thambani aja ankafunsa. Zoterezi zimachitikanso m'mabanja wamba. Bambo amene adasiya ana ali aang'ono amatuma mthenga ali kale pa okosijeni, nati ngati ndidakulakwirani mundikhululukire. Ana amabwera, amagwada, amavomera chifukwa cha ulemu. Akadabwera yekha zaka 10 zapitazo, n'kutchula cholakwacho ndi dzina lake, n'kulipira ngakhale teremu imodzi ya fizi, anawo akadakhala ndi bambo kwa zaka 10 m'malo mwa masiku atatu.

Palibe msonkhano umene umasonkhanitsa anthu ambiri m'mudzi kuposa maliro. Abusa amalalikira za kulapa, amfumu amalengeza chipepeso, a kubanja amawerenga mbiri. Mafumu a kwa Nthache, Kanduku ndi Govati pamodzi ndi mipingo angathe kupatula mphindi zisanu pa mwambo womwewo kuti mlangizi wa zaumoyo anene tsiku limene amayi akayezetse pa chipatala chapafupi, ndiponso kuti wina wodziwa malamulo afotokoze mmene wilo amalembera ndi kumene angaisungitse. Magulu a Amalawi a ku Joni amene amasonkha mwezi ndi mwezi ndalama zonyamulira maliro angathe kutsegula thumba lachiwiri, loti membala amene watha zaka zitatu osapita kwawo, kapena amene wayamba kudwaladwala, amugulire tikiti ya basi akadali wotha kukhala pampando.