Makina Salandira Ziphuphu

Katundu woletsedwa akagwidwa kunja atanyamukira pa bwalo lathu la ndege ku Lumbadzi, akuluakulu amatipatsa yankho limodzi lomwelo: makina ounikira katundu ndi akale, tipatseni ndalama tigule ena. Tatopa nalo yankho limeneli. Makina salandira ziphuphu. Amalandira ndi anthu, ndipo anthuwo ali ndi mayina.

Mu 2015 akasitomu a ku Perth, m'dziko la Australia, adagwira minyanga ya njovu yolemera makilogalamu 110 yochokera ku Malawi. Mu 2017 a ku Bangkok adagwira ina yolemera makilogalamu 330, nayonso yochokera kwathu kuno. Makilogalamu 330 ndi oposa matumba asanu ndi limodzi a chimanga. Katundu wotere salowa m'thumba la jekete. Wina adamuyeza pa sikelo, wina adadinda mapepala, wina adakhala kutsogolo kwa makina n'kuyang'ana kumbali. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Ndiye pali anzathu ovala masuti, a m'maofesi a ku City Centre, amene amati vuto ndi luso lamakono. Luso lanji? Kodi pamafunika kompyuta yochokera kunja kuti munthu asiyanitse nyanga ya njovu ndi mwala? Bwaloli lidakonzedwa ndi thandizo la dziko la Japan, ntchito n'kutha mu 2019. Agalu onunkhiza katundu alipo. Lamulo la nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, chilango n'kufika zaka 30 m'ndende. Mukufunanso chiyani, mabwana? Mukagula makina atsopano n'kuikapo munthu yemweyo wa dzanja lotambasula, mwangomugulira mpando wabwino wodyerapo.

Pitani pa Msika wa Tsoka mukaone milatho yamitengo yowolokera mtsinje wa Lilongwe. Mnyamata wotolera ndalama alibe kamera, alibe yunifolomu, koma palibe amene amadutsa iye osaona, chifukwa madzulo ndalama ikaperewera amayankha ndi iyeyo. Ku bwalo la ndege amayankha ndani?

Chopweteka n'chakuti ukali wonse umathera pa anthu wamba. Mayi wa geni wopita kukaoda katundu amavulitsidwa nsapato, chikwama chake n'kukhuthulidwa, botolo la madzi n'kulandidwa. Zimenezo n'zoyenera, chitetezo chimafuna choncho. Koma nanga bokosi la munthu wa ndalama limadutsa bwanji osatsegulidwa?

Ndipo katundu woletsedwa akagwidwa, timamva za ogwira ntchito ang'onoang'ono. Amene amawayang'anira amakhalabe pa mipando yawo, kapena amangosamutsidwa kupita ku ofesi ina.

Zofunika n'zapafupi. Katundu aliyense wokwera ndege akhale ndi dzina la amene adamuunika ndi la amene amayang'anira shifiti imeneyo. Akagwidwa kunja, anthu awiriwo akaonekere ku khoti, ndipo bwana wawo afotokozere Nyumba ya Malamulo poyera. Lero ndi minyanga, mawa chingadzadutse ndi chida chophera anthu m'ndege momwe muli ana athu. Musanatipemphe ndalama za makina, tiuzeni kaye amene adasaina.