Nyali yofiira ikayaka pa kabokosi ka madisiki

Ojambula zithunzi za maukwati, eni mabizinesi ang'onoang'ono ndi mabanja ena amasunga mafayilo awo m'kabokosi kolumikizidwa ku netiweki ya panyumba, kotchedwa NAS. Mkati mwake mumakhala madisiki awiri, anayi kapena kuposerapo, ogwira ntchito limodzi mwa njira ya RAID, dzina lomwe David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku yunivesite ya California ku Berkeley anatchukitsa mu 1988. Pa RAID 5, disiki imodzi ikafa mafayilo amakhalapobe, chifukwa zomwe zinali pamenepo zimawerengetsedwa kuchokera pa madisiki otsala. Awiri akafa, kabokosiko sikangathenso kudzithandiza.

Tsono nyali yofiira ikayaka, kabokosi n'kuyamba kulira, mwini wake amathamangira kukagula disiki yatsopano, kuilowetsa ndi kudina batani lomanganso. Ambiri amataya zonse pomwepa. Kumanganso kumafuna kuti madisiki otsalawo awerengedwe kuchokera koyambirira mpaka kumapeto, maola ambiri osapuma, chonsecho nthawi zambiri anagulidwa tsiku limodzi ndi yomwe yafayo ndipo akalamba mofanana. Kuli ngati kukoketsa ng'ombe zotopa kale ngolo yodzaza. Opanga madisiki wamba amalemba okha kuti kachidutswa kamodzi kangakanike kuwerengeka pa 12 TB iliyonse kapena chapomwepo, ndipo mabokosi a masiku ano amasunga zochuluka chotero. Magetsi akathima ntchitoyi ili mkati, popanda UPS, batire lothandiza magetsi akathima, vuto limakula.

Ngakhale disiki yatsopanoyo imatha kukhumudwitsa. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red, opangidwira mabokosi omwewa, ankalemba mwa njira ya SMR popanda kampani ya Western Digital kunena poyera, ndipo ogula ena anadandaula kuti ankachedwa kwambiri kapena kugwa kumene panthawi yomanganso.

Chanzeru ndi kuyamba wapulumutsa mafayilo, kukonza kabokosi kubwere pambuyo. Ngati kakutsegukabe, zofunika kwambiri zikopedwe kaye pa disiki ina yakunja: zithunzi za ana, mapepala a malo, ntchito za makasitomala. Mafilimu otsitsidwa pa intaneti angadikire. Ngati sikakutseguka, kazimitsidwe, ndipo disiki iliyonse ilembedwe nambala ya malo ake isanatulutsidwe.

Kenako iliyonse ikopedwe yonse yathunthu pa disiki ina. Pulogalamu yaulere ya GNU ddrescue ndi yomwe imagwira bwino ntchitoyi, chifukwa imayamba yatenga malo abwino, n'kubwerera pa owonongeka pambuyo pake, komanso imalemba pomwe yafika kuti ikasokonezedwa ipitirize pomwepo. Zikatero, madisiki enieniwo asungidwe, zoyesayesa zonse zichitikire pa makope. Zimadya ndalama ndithu, poti pamafunika madisiki ena aakulu mofanana, koma munthu akalakwitsa pa kope amangokopanso.

Mabokosi a Synology amayendera Linux, motero makope aja angalumikizidwe pa kompyuta ya Ubuntu ndi pulogalamu ya mdadm, n'kutsegulidwa mongowerenga, osalembapo kanthu. Synology inafalitsa yokha malangizo ake. Zoopsa ndi ziwiri. Choyamba, kompyuta ya Windows ikaona madisikiwa imafunsa ngati angakonzedwe kuti agwire ntchito, ndipo wovomera amawononga yekha zomwe akufuna kupulumutsa. Chachiwiri ndi lamulo la mdadm lopanga RAID yatsopano, lomwe limafufuta zizindikiro zakale zosonyeza mmene madisikiwo anasanjidwira. Anthu amalipeza pa intaneti n'kulilemba asanalimvetse.

Disiki yomwe ikugogoda kapena kukwecha mkati isayatsidwenso. Pamenepo chawonongeka ndi chitsulo chenicheni, ndipo kuiyatsa kulikonse kungakande mbale zosungira mafayilo. Imeneyo ndi ya akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi, ndipo potumiza madisiki onse apite limodzi, manambala awo ali pomwepo.