Vairasi ikachoka, ntchito siinathe

Mu February 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makina opangira mapasipoti, ndipo ntchitoyo inaima kwa masabata. Ngati boma linaona zakuda, nanga kompyuta ya pa shopu ku Naperi, yomwe imalandira fulashi ya kasitomala aliyense wofuna nyimbo kapena kupulinta CV?

Vairasi ikalowa, ambiri amathamangira kwa wokonza. Mafayilo akabwerera, amalipira n'kumati zatha. Ine ndikuti ayi. Mavairasi ena sawononga kanthu, amangokopera mwakachetechete zimene mukulemba, kuphatikizapo mapasiwedi. Kuchotsa vairasiyo sikubweza zomwe yatumiza kale.

Choncho musachoke kwa wokonzayo asanapange sikani yonse inu mukuona. Windows ili ndi Microsoft Defender yaulere, ndipo muli Offline scan yomwe imafufuza Windows isanatseguke bwinobwino. Mafulashi onse a pa shopu apimidwenso, apo ayi mawa vairasi ibwerera pakhomo pomwe inalowera.

Kenako sinthani mapasiwedi a imelo, Facebook ndi akubanki, koma pa foni kapena kompyuta ina. Onaninso sitetimenti ya kubanki, ya Airtel Money kapena ya Mpamba. Mukaona ndalama yotuluka yomwe simukuidziwa, kanenenitu tsiku lomwelo.

Ndipo mndandanda wa ongongola usamakhale m'kompyuta mokha. Ukhalenso m'kope, chifukwa makina akafa wangongole sadzabwera kudzakukumbutsani.