Chinkhupule sichinalakwe, tinangochita nacho manyazi

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya kubafa. Ndikudziwa kuti muno tinazolowera ndakatulo zachikondi ndi nthano za kumudzi, koma lero mundilole tizungulire kaye kuseri kwa nyumba, kumene aliyense amapita m'mawa uliwonse koma palibe amene amafuna kukambako.

Mukatsegula Facebook kapena TikTok masiku ano mupeza azimayi a ku Ulaya ndi ku America akuphunzitsana mmene angachepetsere pulasitiki m'bafa. Akuti siyani sopo wamadzi wa m'botolo, gulani sopo wouma. Akuti siyani matewera otaya, bwererani ku a nsalu. Akuti tayani siponji ya pulasitiki, gulani chinthu chamtengo wapatali chimene akuchitcha loofah. Mukachiyang'anitsitsa chinthucho, abale inu, ndi chinkhupule. Chomwechi chimene chimayanga pampanda wa agogo popanda wochithirira. Kwawoko achikulunga m'pepala lokongola, achimanga ndi kachingwe, akuchigulitsa ngati golide. Ife kuno tikuonera pafoni, tikusirira, n'kumati koma anzathuwa ndi anzeru.

Ine mfundo yanga ndi yakuti zinthu zimenezi tinali nazo kale, ndipo sitinazisiye chifukwa zinalephera ntchito. Tinazisiya chifukwa cha manyazi. Tinadziuza tokha kuti chomera pampanda n'chachimidzi, chobwera m'botolo la pulasitiki ndiye chitukuko. Manyazi amenewa ndi amene adzaza ngalande zathu.

Ine ndimagulitsa sopo, mafuta odzola ndi zina zotero pabenchi mumsika, ndiye izi ndimaziona tsiku ndi tsiku. Mtsikana amafika, chinkhupule chenicheni chili pomwepo chotchipa, koma dzanja lake limapita pa chija cha pulasitiki chamitundumitundu chooneka ngati duwa. Pakatha masabata ochepa chamasuka, chasanduka chingwe chachitali, wabweranso kudzagula china. Mayi wina amagula sopo wamadzi wa m'botolo alendo akamabwera, kuti akalowa m'bafa aone kuti pakhomo pano zikuyenda. Alendo akapita banja limabwerera ku sopo wamtanda. Ndiye mundiuze, botololi analigulira thupi kapena maso a anthu?

Tsopano tiyeni tiliperekeze botololi likatha. M'madera mmene ambiri a ife timakhala, kaya ndi ku Ndirande, ku Mbayani, kwa Mtandire, kwa Chinsapo kapena ku Mchengautuwa, galimoto yotola zinyalala pakhomo ndi nkhani yongomva. Kumudzi ndiye osanena. Chinyalala cha m'bafa chili ndi njira zitatu basi.

Njira yoyamba ndi chimbudzi. Thewera lotaya, padi, kapaketi ka shampu, mswachi wakutha, zonse timaponya m'dzenje chifukwa sitifuna anthu azione. Koma zimenezi siziola. Thewera lotaya lili ndi pulasitiki kunja, ndipo mkati mwake muli mankhwala aja omwa madzi amene amafufuma ngati phala. Dzenje limene likanatumikira banja zaka zambiri limadzaza msanga, eni nyumba n'kuyamba kukangana ndi alendi kuti wadzaza ndani. Malo okumba lina pa puloti palibe. Funsani anthu opopa zimbudzi, akuuzani kuti chimene chimawatsekera mapaipi ndi nsanza, mapepala apulasitiki ndi matewera.

Njira yachiwiri ndi moto. Madzulo aliwonse m'makwalala mwathu mumanunkha utsi wakuda uja wolowa mpaka kukhosi. Ena amayatsira mbaula ndi pulasitiki yemweyo, mwana ali kumsana, nkhope ili pamoto kuuzira. Mawa mwana akutsokomola, timati ndi chimfine cha nyengo.

Njira yachitatu ndi ngalande. Timataya usiku, mvula n'kudzatithandiza kunyamula. Amene munadutsapo pa mtsinje wa Mudi ku Blantyre kapena pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika, simufunika kuuzidwa. Zimene sizinafike kumtsinje zimatseka ngalande, madzi n'kuima, udzudzu n'kupeza poswana. Agalu nawo amakoka matewera kudzala n'kukawasiya pakhomo pa mnzako. Ndi maubale angati a pakati pa anansi amene atha chifukwa cha thewera la mwana wa eni lopezeka pakhonde m'mawa?

Wina anena kuti boma lilipo, malamulo alipo. Zoona. Mu 2015 boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala, osafika mamaikironi 60. Makampani opanga anathamangira kukhoti, nkhani inakokedwa, mpaka mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhale. Mayi wathu Gloria Majiga-Kamoto, amene anamenya nawo nkhondoyi ataona mbuzi za alimi zikufa chifukwa chodya pulasitiki, analandira mphoto ya Goldman mu 2021, dziko lonse linamuombera m'manja. Koma taonani: nkhondo yonse ija inali ya majumbo okha, ndipo inatenga zaka. Botolo la mafuta odzola, chubu cha mankhwala otsukira mano, lezala la chogwirira cha pulasitiki, thewera, zonsezi lamulo lija silinazikhudze. Ngati jumbo lokha linativuta chonchija, amene akudikira kuti lamulo lidzalowe m'bafa mwake adzadikira mpaka imvi.

Ndiye tiyambe ndi zimene zili m'manja mwathu.

Chinkhupule n'chomera, m'bale wake wa nkhaka ndi maungu. Mukabzala mbewu ziwiri zitatu m'mphepete mwa mpanda ndi mvula yoyamba, chimayanga chokha. Chipatso chikauma n'kuyamba kupepuka, mumasenda khungu, kugwedeza mbewu zituluke, kuchapa, kuyanika. Chimodzi mukhoza kuchidula pawiri kapena patatu: china kubafa, china kutsukira mbale. Mukatha kusamba chitsukuluzeni, chipachikeni pamalo pouma, chifukwa chikamagona m'madzi chimachita nkhungu. Chikayamba kuda ndi kufewa chiponyeni kudzala, chiola n'kukhala manyowa. Mundipezere siponji ya m'sitolo imene ingachite zimenezo.

Sopo wouma ndi chimodzimodzi. Mu sopo wamadzi, gawo lalikulu la zimene mukulipira ndi madzi ndi botolo. Madzi muli nawo kunyumba, botolo simusamba. Amayi athu ankadziwa kuti mtanda wa sopo ukagulidwa umadulidwa zidutswa n'kuikidwa pamwamba kuti uume, chifukwa sopo wouma bwino sasungunuka msanga. Ankadziwa kuti sasiyidwa m'madzi pansi pa beseni, ndipo tizidutswa totsala ankatiphatikiza pa sopo watsopano. Lero zimenezi tikuziona ngati umphawi, pamene ndi nzeru zosunga ndalama.

Mwala wopalira mapazi unali pabafa lililonse, sunkagulidwa ndipo sunkatha. Lero tikugula mankhwala okhula thupi a m'machubu, ena mwa iwo okhala ndi timikanda tosaoneka bwino ta pulasitiki. America inaletsa timikanda timeneti m'zosambira mu 2015, Britain mu 2018, chifukwa timadutsa ndi madzi mpaka kukalowa m'mimba mwa nsomba. Ife amene ndiwo yathu ndi usipa ndi chambo tikanayenera kukhala oyamba kuchita mantha.

Abambo, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya amayi okha. Kale kunali kachitsulo kometera kamene bambo ankakhala nako zaka, kumangosintha lezala. Lero mukugula cha pulasitiki, kumeta kawiri katatu, kutaya chonse. Bwererani ku chachitsulo, aliyense ndi lezala lakelake, osabwerekana, ndipo lakutha lizikulungidwa bwino ana asalipeze.

Pa nkhani ya mano ndinene mosamala, chifukwa sindikufuna wina azuke mano n'kumati ndinamva m'gulu. Mankhwala otsukira mano ali ndi ntchito yake, amateteza mano kuti asabooke, ndipo sindikuuza munthu kuti awasiye. Chimene ndikunena n'chakuti gulani chubu chachikulu chimodzi m'malo mwa ting'onoting'ono tisanu, chikatha chiduleni, mudabwa zimene zatsalira mkati. Ndipo tisaiwale kuti dzina loti mswachi linali la kamtengo pulasitiki asanabwere. Abale athu Achisilamu ku Mangochi ndi ku Machinga sanakasiye kamtengoko mpaka lero. Mswachi wansungwi umene akutsatsa pa intaneti uja, chogwirira chokha ndiye nsungwi, tsitsi lake nthawi zambiri ndi nayiloni yemweyo. Musalole kuti akudyereni ndalama chifukwa cha dzina.

Tsopano ndifike pamene ndikudziwa kuti ena a inu mwakonzeka kale kunditsutsa, ndipo muli ndi mfundo.

Munena kuti mayi amene amagula kapaketi ka sopo waufa kapena ka shampu sagula chifukwa cha manyazi, amagula chifukwa ndalama imene wapeza lero yathera pomwepo. Izi n'zoona, ndipo mayi ameneyu ine sindimuloza chala. Ndimamudziwa, amabwera pabenchi panga atafumbata ndalama yake. Iyeyu ndiye woberedwa kuposa tonse, chifukwa mukaphatikiza timapaketi timene amagula pamwezi, amalipira zambiri kuposa amene anagula chachikulu kamodzi. Mlandu wa timapaketi uli ndi amene amatipanga. Amamata pulasitiki ndi zinthu zina pamodzi moti n'kovuta kwambiri kutisungunula n'kupanganso china, n'chifukwa chake ngakhale anyamata otola mabotolo satitola. Phindu amatenga, chinyalala amatisiyira. Amenewa ayenera kufunsidwa, ndi makhonsolo, ndi aphungu, ndi ife ogula.

Koma pali gulu lina limene limabisala kumbuyo kwa mayi wosaukayu. Ndikunena inu olandira pamwezi, a mpopi m'nyumba, a mashelefu odzaza mabotolo khumi ndi awiri m'bafa, la kumaso, la m'manja, la kumapazi, la tsitsi m'mawa, la tsitsi madzulo. Nkhani ya pulasitiki ikabuka mumathamangira kunena kuti anthu ndi osauka, tisawavutitse. Ayi, tisiyeni osaukafe, tikambe za inu. Bini yanu ya sabata imodzi imaposa ya mayi uja ya mwezi. Ndipo ndinu amene enafe timatengera. Mukanapachika chinkhupule m'bafa lanu la matailosi, wantchito wanu sakanachita nacho manyazi kwawo.

Munenanso kuti matewera a nsalu ndi mapadi ochapa amafuna madzi ndi sopo, pamene madzi tikugula pa chidebe kukiyosiki ndipo nthawi zina mpopi umauma masiku. Izinso n'zoona. Mayi amene amadzuka 4 koloko kukapikula tomato sangachape matewera khumi tsiku lililonse. Koma nkhaniyi si yakuti zonse kapena ayi. Mwana akakhala pakhomo masana avale la nsalu, lotaya likhale la paulendo, la kusikelo, la usiku ngati pakufunika. Mukatero mwachepetsa mulu wa zinyalala ndipo ndalama yatsala m'thumba. Dzuwa lophera tizilombo pa nsalu tili nalo laulere.

Za kumwezi ndilankhule ngati mzimayi. Palibe amene akufuna kubwezera mtsikana wa sukulu ku nyanda yotayikira imene inkamujombetsa m'kalasi. Koma mapadi ochapa a masiku ano, amene magulu a amayi m'sukulu zambiri ndi matelala akusoka, ali ndi mabatani ndi nsalu yosadutsa madzi, ndipo amakhala miyezi yambiri. Vuto lake lalikulu ndi manyazi omwe aja. Mtsikana amaopa kuyanika panja, amayanika kunsi kwa matiresi, nsalu siuma bwino, kenako kuyabwa, kenako akuti mapadi ochapa ndi oipa. Cholakwa si nsalu. Cholakwa ndi pakhomo pamene mwana wamkazi sangayanike chovala chake padzuwa osasekedwa ndi alongo ake.

Anzanga a mumsika andifunsa kuti kodi iwe ukufuna tigulitse chiyani anthu akasiya mabotolo. Yankho n'losavuta. Wamalonda amapikula chimene anthu akufunsa. Mukayamba kufunsa chinkhupule, mawa chidzaza mabenchi, ndipo ndalama yake ipita kwa mlimi wa konkuno, osati kunja kumene timagula ndi ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa. Mukabwera ndi botolo lanu kuti tikuthirireni gilisalini kapena mafuta, tikuthirirani. Tinazolowera kale kuyeza mafuta ophikira ndi mchere, palibe chachilendo.

Pomaliza nditembenukire kwa inu alembi, poti gulu lino ndi lanu. Mumalemba bwino za phiri la Mulanje ndi za nyanja yathu, timawerenga mpaka misozi. Koma taonani nkhani zanu zazifupi. Munthu wosauka ndi amene amasamba ndi chinkhupule kuseri kwa mpanda wa udzu, ndipo akangolemera m'ndime yomaliza mumamulowetsa m'bafa lodzaza mabotolo onunkhira kuti tidziwe kuti zake zayera. Manyazi amene ndikunenawa mumawadyetsa ndinu, ndi cholembera. Tilembereni dokotala wosamba ndi chinkhupule, bwana wamkazi woyanika matewera a nsalu pachingwe dzuwa likuswa mtengo, osati ngati nthabwala koma ngati anthu abwinobwino.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chinkhupule, sopo wamtanda, mwala ndi nsalu zili pamphuno pathu, sizifuna ndalama zakunja, sizifuna lamulo latsopano. Amene muli ndi achibale kumudzi, atumizireni uthenga akusungireni mbewu za chinkhupule mvula isanagwe. Amene mukuona kuti ndanama, bwerani ndi mfundo zanu, koma muyambe mwawerenga mabotolo amene ali m'bafa mwanu.