Magalasi omasulira zilankhulo: thandizo lilipo, koma samalani

Taganizani: mwafika pamsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kukapikula katundu. Wogulitsa akuthamangitsa Chiswahili, inu mwangoti kakasi. Kenaka mawu ake akuyamba kuoneka m'magalasi amene mwavala, atamasuliridwa kale. Uku ndi kumene makampani a zipangizo zamakono akulowera.

Google idaonetsa chitsanzo cha magalasi otere mu May 2022. Mu September 2025, Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp, idatulutsa Meta Ray-Ban Display pamtengo wa madola 799. Magalasiwa ali ndi timaikolofoni tomva zimene mnzanu akunena, ndipo mawuwo amalembedwa pagalasi lakumanja inu mukumuyang'anabe.

Ubwino wake ndi wosachita kufunsa. Simufunikanso kuwerama pafoni uku mnzanu akudikira, manja ali omasuka, nkhope yake mukuiona. Kwa munthu wovutika kumva, kuwerenga zimene anthu akulankhula pompopompo ndi chinthu chachikulu zedi. Naye wachinyamata amene wapita kunja kukagwira ntchito kapena kusukulu angapepukidwe masiku oyamba, pofunsa njira kapena pogula chakudya.

Koma tisanaombe m'manja, tifunse: akumasulira zilankhulo za ndani? Pamene Meta inkatsegulira anthu ambiri ntchito yomasulira pamagalasi ake mu April 2025, zilankhulo zinali zinayi basi: Chingerezi, Chifalansa, Chitaliyana ndi Chisipanishi. Makina amaphunzira kuchokera pa zolembedwa ndi mawu ojambulidwa, ndipo za Chichewa pa intaneti n'zochepa. Google Translate idalandira Chichewa mu 2014, koma amene mwaiyesa mukudziwa kuti nthawi zina imatulutsa zoseketsa.

Nanga makina adziwa bwanji ngati "mtengo" ndi wamango kapena wa katundu? Mukati agogo "atisiya", adziwa kuti kwagwa maliro, kapena angoti apita kumsika?

Kulakwitsa kwina sikoseketsa ayi. Mu October 2017, apolisi ku Israel adagwira mwamuna wina wa ku Palestine amene adalemba moni wam'mawa m'Chiarabu pa Facebook. Makina adamasulira moniwo ngati mawu olimbikitsa chiwembu. Adamumasula atazindikira kuti walakwitsa ndi kompyuta. Apa mawuwo adali olembedwa. Nanga olankhulidwa mumsika waphokoso? Choopsa n'chakuti mawu olakwika amaoneka pagalasi mooneka bwino ngati olondola omwe, ndiye inu, posadziwa chilankhulocho, mungowameza.

Vuto lina likukhudza amene waima patsogolo panu. Kuti amasulire, magalasi ayenera kumvetsera, ndipo ali ndi kamera. Munthu akakulozetsani foni mumaona, koma magalasi amangooneka ngati wamba, kupatula kanyali kakang'ono kamene kamayaka akamajambula. Mu 2024, ophunzira awiri a pa Harvard adalumikiza magalasi a Meta ndi pulogalamu yozindikira nkhope, n'kumapeza mayina ndi komwe amakhala anthu ongokumana nawo panjira. Kuno kwathu tili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu, lomwe akuliyang'anira ndi a Macra. Funso n'lakuti lingakutetezeni bwanji ngati mawu anu asungidwa pamakompyuta a kampani yakunja.

Pamtengo wa madola 799, ambirife sitiwavala msanga. Komabe mafoni amakono nawo adayamba ngati a mabwana okha, lero ali m'matumba mwa anthu ambiri.

Choncho tidziikiretu malire. Pocheza, pofunsa njira, potsitsa mtengo wa nsapato, makina athandize. Koma kuchipatala, kupolisi, kukhoti, ngakhale posayina kontirakiti ya ntchito kunja, funani munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, amene mungamufunse kuti "mwati bwanji?" Ndipo mukawavala, muuzeni mnzanuyo kuti magalasiwo akumva. Akakana, avuleni.