Jeneza Timainyamula, Nanga Wodwala Tamusiyira Yani?

Uthenga ukangomveka pa mzikiti kuti gogo uje watisiya, mudzi wonse umadzuka. Anyamata amathamangira kumanda ndi makasu, ena amakagula sanda, amayi amasonkhanitsa ufa ndi nkhuni, ndipo galimoto yokatenga abale imapezeka dzuwa lisanapendeke. Pa zimenezi Asilamu a m'mbali mwa nyanja sitilephera. Koma gogo yemweyo, miyezi itatu yapitayo, anali ndi tsiku lolembedwa m'buku lake la kuchipatala loti akayezetse kuthamanga kwa magazi ndi kukalandira mankhwala ena. Tsikulo linadutsa iwo ali pakhonde, chifukwa panalibe wowaperekeza. Ife tinali kuti?

Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaika kuzonda wodwala ndi kuperekeza jeneza pamndandanda umodzi wa zimene Msilamu ayenera kuchitira Msilamu mnzake. Ife tasankhapo chimodzi, chimene chimaonekera pagulu ndi kutha tsiku limodzi. Chinacho, chofuna kulawirira m'mamawa ndi kukhala pamzere kufikira masana, tachisiya.

Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, koma ulendo wake si waulere. Kuchokera ku Makanjira kufika pa boma la Mangochi ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 100, ndipo wodwala akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba, ulendo umatalikirabe. Munthu wa ng'ala m'maso sangakwere matola yekha. Wa miyendo yotupa sangakhazikike pa njinga yamoto popanda womugwira. Ndipo gogo amene amalankhula Chiyao chokha, makutu atayamba kale kugontha, amafuna wina womumvera malangizo a dokotala. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi safuna kudumphitsa mankhwala. Mathero a kudumphitsako nthawi zambiri amakhala kufa ziwalo, kuwonongeka kwa impso kapena khungu.

Ena amati imeneyi ndi ntchito ya ana awo. Zoona, Sura Al-Isra imatchula kuchitira zabwino makolo itangotha kutilamula kupembedza Allah yekha. Koma tiyang'ane m'midzi mwathu. Ana ambiri ali ku Joni, ena amagona pa nyanja, ena anatsogola kumanda n'kusiyira agogowo adzukulu. Ndalama yobwera pa foni imalipira kabaza, koma siigwira nkhalamba dzanja pokwera masitepe. Pamene mwana palibe, udindo umagwera jamaa.

Ena amati ndi ntchito ya boma. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, ndipo tiyenera kupitiriza kufunsa atsogoleri athu za misewu ndi ma ambulansi. Koma tsiku la gogo ndi Lachiwiri likubwerali, ndipo silidikira msewu.

Enanso amati imfa ndi chikonzero cha Allah. Palibe wotsutsa. Koma Mtumiki yemweyo anatilamula kufuna mankhwala tikadwala. Kubisa ulesi wathu kuseri kwa chikonzero cha Allah ndi kumunamizira.

Chofunika si bungwe latsopano kapena thandizo la kunja. Mzikiti uliwonse ukhale ndi kope la mayina a okalamba a m'dera lake ndi masiku awo a kuchipatala. Swala ya Ijumaa ikatha, imamu atchule masiku a sabata ikubwerayo, osatchula matenda a munthu, ndipo odzipereka alembetse. Amayi a dawa aperekeze amayi, abambo aperekeze abambo. Akabaza amene timaswali nawo apereke ulendo umodzi pa mwezi ngati sadaka, mafuta achokere m'thumba limene tisonkhe monga tisonkhera pa maliro. Woperekeza asabwerere pachipata: adikire, amve malangizo, aone tsiku lotsatira, akafotokozere a pakhomo.

Inu masheikh ndi akuluakulu a makomiti a mizikiti, nkhaniyi ili m'manja mwanu. Mpunga umene timaphika pa sadaka ya masiku 40 ukanalipira maulendo angati a gogo amene tikumukumbukirayo? Ijumaa ikubwerayi, wina abwere ndi kope ndi cholembera, ndipo dzina loyamba likhale la nkhalamba imene yasiya kuoneka pa swala.